A Namakhula ndi Makwerero a Mawu

Pa maliro a a Dinesi Namakhula mwezi watha, amene anapatsidwa udindo wowerenga mbiri anali mwana wa mlongo wawo wa ku Limbe, munthu amene sanagonepo m'nyumba mwawo. Anaimirira ndi foni m'manja, natchula chaka chobadwa, natchula esiteti ya tiyi imene anagwirako ntchito, kenako anati: "Amalumewa tonse tikuwadziwa, anali a Dikishonale. Ukawapatsa moni ankakuyankha ndi Chingerezi chothyola nsagwada." Anthu anaseka. Ngakhale amayi amene anakhala pafupi ndi bokosi anabisa nkhope m'zitenje. Mbiri inathera pamenepo, kwaya n'kuyamba nyimbo.

Ine sindinaseke, ndipo mpaka lero mtima sunatsike. Ndinali kalaliki wa pasikelo pa esiteti yomweyo kufikira pamene ndinapuma, ndipo titapuma tonse tinamanga nyumba moyandikana kuno kufupi ndi kwa Changata. Ana anga amadandaula kuti sinditaya pepala. N'zoona. Pulogalamu ya maliroyo ndaisunga, ndi kambiri kake kochititsa manyaziko. Ndasunganso timapepala tonse timene a Namakhula ankandilembera mawu kuseri kwa matikiti akale a sikelo. Ndili ndi umboni, choncho ndilemba zimene zinayenera kunenedwa tsiku lija.

Choyamba, n'zabodza kuti ankayankha moni ndi Chingerezi chothyola nsagwada. Palibe chimene chinkawakwiyitsa kuposa munthu wotchula mawu aakulu pofuna kuti amuone. Ine ndemwe anandikalipirapo. Ndinalemba lipoti lopita ku ofesi lonena kuti masamba a munda wa kumtunda anachepa mlungu umenewo, ndipo pofuna kukometsa ndinaikamo mawu akuti catastrophe. Anawerenga, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, wafa ndani?"

"Palibe."

"Fakitale yapsa?"

"Ayi."

"Ndiye mawu amenewa mwawadzutsiranji? Tsiku limene phiri lidzagumukire m'makomboni mudzalemba chiyani, poti awa mwawathera pa madengu osadzaza?"

Anafufuta ndi pensulo yawo yofiira nalemba meagre, n'kundionetsa dengu la mayi wina limene masamba ake sankabisa n'komwe pansi pake. Tinakhala masiku osalankhulana bwino. Lipotilo ndili nalo.

Iwo ankati mawu a Chingerezi amakhala ngati makwerero. Munthu amene wangoloweza mawu a pamwamba osaponda a pansi ali m'malere, ndipo tsiku lina adzagwa pamaso pa anthu. Ankayamba ndi mawu amene aliyense amawadziwa, n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo pa sitepe iliyonse ankafuna kuti wophunzira aone kapena agwire chinthucho. Tanthauzo longomva m'kamwa mwa mphunzitsi sankalikhulupirira. Tsiku lina la chiperoni anatulutsa ophunzira onse a sukulu yawo ya Chingerezi panja ndi kansalu m'manja. Anakasiya pa udzu kwa kanthawi, nauza aliyense kuti akagwire: damp. Anakaviika m'ndowa: soaked. Kenako analoza amayi otola nkhuni amene ankatsika m'munda atanyowa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, madzi akuyenderera m'mapulasitiki amene anamanga m'chiuno, nati amenewo ndiye drenched, ndipo aliyense amene adzatchule mawu amenewo ponena za malaya odonthera tiyi asadzabwerenso.

Sukulu yawo inali shedi ya sikelo, Lamlungu masana, tsiku limene kulibe kuthyola. Kunalibe malipiro, kunalibenso benchi. Ankabwera akapitawo ofuna kukwezedwa, makalaliki ngati ine, ndi anthu akuluakulu amene Chingerezi chinawagwetsa pa mayeso a Fomu Folo. Ndimakumbukira Mervisi, mayi wa ana awiri, amene ankathyola tiyi mkati mwa sabata koma mtima uli pa unamwino. Anabwera ndi kope lodzaza mawu amene analoweza motsatira alifabeti, monga ankawaphunzitsira ku sukulu ya madzulo.

"Ndafika pa M, aphunzitsi," anatero monyadira.

"Zabwino. Nanga ukaweruka Loweruka, utakwera chitunda chija ndi dengu lomaliza, thupi lako limakhala bwanji?"

"Tired."

"Mwana wako akasewera mpira amakhalanso tired. Iwe ndi iye n'chimodzimodzi?"

Mervisi anaseka. "Ayi, ine zimafika m'mafupa."

"Ndiye pa M wafikapo bwanji, mafupa ako omwe alibe dzina?"

Tsiku limenelo anawapatsa weary, kutopa kumene kwakhalitsa mpaka kwalowa mumtima, ndi exhausted, kutopa kwa munthu amene watheratu ngati thanki youma. Anawauza kuti mlungu wonse aziyang'ana anzawo m'munda n'kumasankha kuti uyu ali pa sitepe iti. Mervisi lero ndi namwino. Pa maliro paja analipo, anakhala kumbuyo, ndipo nayenso sanaseke.

Njira imeneyi anaitola ku fakitale. Ali mnyamata anawalemba ntchito yotsuka makapu ndi kuwiritsa madzi m'chipinda cholawira tiyi. Ankamva akatswiri olawa akutchula mawu achilendo akamalavula, ndipo tsiku lina analimba mtima nafunsa tanthauzo la brisk. Amene anafunsidwayo sanafotokoze. Anawapatsa supuni ya kapu ina, kenako ya kapu ina, nati yoyambayo ili nacho, yachiwiriyo ilibe. A Namakhula ankati kuyambira tsiku limenelo mawuwo anakhala pa lilime lawo, ndipo anadziwa kuti tanthauzo silikhala m'buku mokha. Dikishonale anagula pambuyo pake, yakale, yopanda chikuto, ndipo ankaisokerera ndi ulusi wa matumba a feteleza. Ankaitsegula m'mawa uliwonse akumwa tiyi wopanda shuga. Ankatenga mawu amodzi okha. Akaperewera chinthu chowagwirizanitsa nacho, ankayenda nawo m'thumba masiku angapo kufikira atachipeza.

Sindikulemba za mngelo. Panali chinthu chimodzi chimene a Namakhula analakwitsa, ndipo anachilipira mokwanira moti sichinafunikenso kusekedwa ndi ana a ku Limbe.

Makolo awo anachokera ku Mozambique, ndipo iwo anabadwira m'makomboni akuyankhula Chilomwe. Atayamba sukulu, anzawo ankawaseka katchulidwe kawo n'kumawaitana dzina lija lachipongwe limene sindilemba pano. Anandiuza kamodzi kokha kuti tsiku lina anabwera kunyumba n'kukana kuyankha mayi awo kufikira atawalankhula m'Chinyanja. Kuyambira pamenepo Chilomwe chinayamba kuuma m'kamwa mwawo, kenako m'makutu. Atakwatira mayi Elube, mkazi wothyola tiyi amene Chilomwe chinali chake chenicheni, anaika lamulo lakuti m'nyumba mwawo muzimveka Chichewa ndi Chingerezi basi, kuti mwana wawo Linesi asadzasekedwe ngati iwo. Mayi Elube anali munthu wofatsa. Anamvera. Chilomwe ankakachiyankhulira ku munda ndi kumtsinje.

Amene sanamvere anali a Filesi, msuweni wa mayi Elube, mayi wa pakamwa polasa amene mpaka lero saopa munthu. Ankabwera kudzacheza n'kumayankhula Chilomwe mokweza dala, n'kumaimbira Linesi nyimbo za kwawo. Tsiku lina a Namakhula anawauza kuti akafuna zimenezo azikachitira kwawo.

"Alamu, mwandithamangitsa?" anafunsa a Filesi.

"Ndathamangitsa chiyankhulocho. Inu mukhoza kukhala."

"Ndichisiye pati, pa chitseko ngati nsapato? Chabwino. Khalani ndi azungu anu a m'bukuwo. Mukadwala adzakuphikirani phala."

Anatuluka, ndipo kwa zaka zambiri sanapondenso pakhomopo. Iwo ndi mayi Elube ankakumana ku tchalitchi ndi ku maliro.

Zaka zingapo zapitazo mayi Elube anagwa akuchokera kothyola nandolo. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali ya kumanja itafa, ndipo atayambanso kulankhula, Chichewa chinali chitachoka chonse. Chinatsala ndi Chilomwe cha ubwana wawo. Madokotala anati zimachitika. Anauzanso banja kuti mtima wafooka, asayembekezere nthawi yaitali.

Linesi anabwera kuchokera ku Lilongwe kumene amagwira ntchito. Mayi ake anamugwira dzanja namulankhula nthawi yaitali, iye akungogwedeza mutu. Atatuluka anakhala pa khonde langa n'kulira. "Amalume, sindinamve kanthu," anatero. "Ngakhale liwu limodzi." Tchuthi chake chitatha anabwerera ku ntchito. Ine ndine Mmang'anja, sindikanathandiza. Anatsala anthu awiri m'nyumba, okwatirana kuyambira unyamata, wina akupempha, wina osadziwa chimene chikupemphedwa. Ndinaona ndi maso anga a Namakhula akubweretsa bulangete pamene mayiwo ankafuna madzi, akubweretsa madzi pamene ankafuna kutembenuzidwa. Mayi Elube ankangotseka maso, misozi n'kumatsikira m'khutu.

M'mawa wina a Namakhula anavala jekete lawo la ku tchalitchi nandipempha kuti ndiwaperekeze kwa a Filesi. Tinawapeza akusenda chinangwa. Sanatipatse mpando.

"Azungu aja alephera kuphika phala?" anafunsa osakweza mutu.

"Alamu, ndabwera kudzaphunzira."

"Kuno kulibe sukulu. Elube ndipita ndikamuone, ndinkangodikira kuti mwini lamulo andiitane. Zimene akunena ndizikuuzani."

"Muzindiuza mukakhalapo. Nanga mukachoka? Ndipo pali zina zimene ndikufuna kumuuza ndekha."

A Filesi anaika mpeni pansi nawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatunga madzi m'chikho, nawathira pang'ono pa dzanja la a Namakhula, monga anamvera kuti iwo amachitira ku shedi.

"Maahi," anatero. "Nenani."

Ananena. A Filesi anaseka mpaka kutsokomola. "Mukutchula ngati bwana wa ku fakitale! Bwerezani. Tsegulani kukamwako, simulipira."

Umo ndi mmene zinayambira. Munthu amene anakweza anthu ambiri pa makwerero anaima yekha pansi penipeni, ali ndi imvi. M'mawa uliwonse, akasambitsa mayi Elube ndi kuwamwetsa phala, ankasiya mkazi wanga pa khomo n'kupita kwa a Filesi. Anaphunzira madzi, moto, kuzizira, kupweteka, mwendo, msana. Zina zinkabwerera zokha kuchokera ku ubwana. Sanalembe chilichonse. Ndinawapatsa kope, iwo anakana, nati nthawi yolemba palibe, mawuwa akufunika m'kamwa lero lomwe. Posakhalitsa bulangete linayamba kubwera pa nthawi ya bulangete. Tsiku lina ndinamva mayi Elube akuseka ndi theka la nkhope, chifukwa amuna awo anatchula molakwika, ndipo anawabwerezetsa mpaka anakhoza.

Koma chimene ankafunitsitsa chinali china. Ku shedi anaphunzitsapo kusiyana kwa regret ndi remorse. Ankati oyambawo ndi a munthu amene waphonya basi, achiwiriwo ndi a munthu amene akudziwa kuti wapweteka mnzake ndipo chikumudya. Tsopano ankafuna mawu a Chilomwe ofika pa sitepe yachiwiriyo. Anafotokozera a Filesi mozungulira, akupereka zitsanzo.

"Alamu, mukufuna kupepesa kapena mukufuna kulalikira?" anatero a Filesi. "Mawu otalika chonchowo mwina agogo athu anali nawo, ine ndilibe. Nenani kuti ndinalakwa. Ngakhale mwana amatha."

Anatenga mawu aang'onowo napita nawo kunyumba. Anandiuza pambuyo pake kuti anagwada pafupi ndi mphasa masana, dzuwa likulowera pa zenera, nawanena. Mayi Elube anawayang'ana, kenako anayankha. Yankholo silinali la madzi kapena msana. Linali lalitaliko, ndipo a Namakhula sanalimve. Anapempha kuti abwereze, mayiwo anabwereza chimodzimodzi. Mawa lake ananenanso, ndi mkuja, nthawi zonse akakhala awiri. A Filesi akalowa, ankakamba zina.

Ndinawauza kuti angopita kwa a Filesi akanene zonse monga anazimvera, amasuliridwe kamodzi. Anakana. Ankaopa. Ankaganiza kuti mwina mkazi wawo akuwauza kuti mwachedwa, kapena akuwawerengera zaka zonse zimene anakhala mlendo m'nyumba mwake. Ngati zinali zimenezo, sankafuna kuti zidutse m'kamwa mwa munthu wachitatu, makamaka amene anamuthamangitsa. Choncho ankadula yankholo m'zidutswa. Tsiku lililonse ankatenga kachidutswa kamodzi n'kukabisa pakati pa mafunso a mbale ndi nkhuni. Tinakangana kwambiri pa nkhani imeneyi. Ndinawauza kuti njira yawo ya mawu amodzi pa tsiku ndi ya munthu amene ali ndi nthawi, ndipo iwo alibe. Anandiyankha kuti sadziwa njira ina.

Mayi Elube anamwalira mvula yoyamba isanagwe, zidutswa zisanakwane.

Patapita masabata angapo chichitikire maliro, a Namakhula anabwera kwathu chakumasana, osagogoda, nakhala pa mpando osavula chipewa. Mkazi wanga anafuna kuwapangira tiyi, iwo anakweza dzanja.

"Ndamva, achimwene," anatero.

"Mwamva chiyani? Yankho la mayi Elube lija?"

"Amati ndizidya. Amati ndikuwonda, ndisamangomwa tiyi, ndizidya. Ndipo amafunsa kuti iye akapita adzandiphikire ndani."

"Za kulakwa zija?"

"Sanazitchule n'komwe."

Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Anati chimene chikuwapweteka n'chakuti masiku onse aja mkazi wawo ankafunsa funso, iwo n'kumangogwedeza mutu ngati mlendo, ndipo anapita osayankhidwa. Mkazi wanga anabweretsa mbatata yophika, ndipo a Namakhula anadya yonse, pang'onopang'ono, akulira.

Anthu ena m'mudzi muno anayamba kunena kuti chinali chilango, kuti Mulungu anawaonetsa. Amene ankanena zimenezo ambiri ana awo samva Chilomwe ngakhale moni, ndipo palibe amene anawaikira lamulo. Anangochisiya okha mwakachetechete. A Namakhula analakwa poyera, nabwerera poyera, atavala jekete, pamaso pa mayi amene anali ndi chifukwa chowabweza. Mwa onenawo sindinaonepo amene anachita zotero.

Sukulu ya Lamlungu sanaisiye. Miyendo itakana mtunda wautali wa ku shedi, ophunzira ankabwera pa khonde pawo, ndipo pensulo yofiira inagwira ntchito mpaka chaka chino. Chingerezi sanachide, ndipo ankakwiya munthu akanena kuti ndicho chinawalakwitsa. Ankati Chingerezi sichinawauze kuti atseke pakamwa pa mkazi wawo, anachita okha. Kusintha kumene ndinaona n'kwakuti akapereka mawu atsopano ankafunsa ngati alipo amene akudziwa mmene agogo ake ankanenera chinthu chomwecho, ndipo akapezeka, iwo ndiwo ankabwereza pambuyo pake.

Kwa a Filesi sanasiyenso kupita, ngakhale kunyumba kunalibe wolankhula naye. Ndinawafunsa kuti akuvutikiranji ndi ndodo m'chitunda chija.

"Ndikakafika kumene ali, ndikayankhe funso lija bwinobwino," anatero. "Asakandisekenso."

Sabata yatha ndinapita kwa a Filesi. Pa maliro paja sanawapatse mpata wolankhula, ndipo ndinkafuna kumva ngati ali ndi mawu oti ndiwaike muno. Anati alibe. Ananditengera kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene pali mtondo wakale wong'ambika umene anauvundikira kuti ukhale mpando wa a Namakhula pophunzira. Pamwamba pake pasalala. Kutsogolo kwake dothi lakumbika pang'ono pamene pankaponda zidendene, ndipo pambali pali kadzenje ka ndodo. Pa muzu wa mtengowo panali lichero, m'menemo muli chisa cha mbalame, nkhata ya udzu, chikamba cha nkhono ndi kalongonda wouma.

"Za sabata imene anadwala ija," anatero a Filesi. "Ndinkatolera dzulo lake, poti munthuyo sankamva kanthu asanagwire. Zinthu za m'nyumba tinali titamaliza. Tinali titayamba za kutchire."

Nkhuku inakwera pa licheropo n'kuyamba kujompha kalongondayo. A Filesi anaithamangitsa ndi chitenje, nakonza zinthuzo mmene zinalili, n'kubwerera kukasenda chinangwa chawo.